Kunyamuka amatha aliyense, nkhani ili poima

Mwana wa mchemwali wanga wayamba kabaza wa njinga yamoto. Njingayo si yake ayi, wagula ndi bambo wina wa golosale kwathu kuno ku Machinjiri, ndipo pangano lawo n'lakuti madzulo aliwonse azikatula ndalama ya bwana, yotsalayo n'kukhala yake. Anabwera nayo kunyumba Loweruka lina, Lifan yofiira, pulasitiki ikadali pampando, iye mano onse ali pamtunda. Ndinamufunsa kuti waphunzira liti.

"Masiku atatu basi, malume. Pabwalo la mpira paja. Si zovuta, zili ngati yakapalasa yomwe ija."

"Nanga buleki yakutsogolo umaigwira bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa zamanyazi. "Iii, yakutsogolo sitigwira, malume. Imagwetsa. Anzanga anandiuza kale."

Yankho limenelo landisowetsa tulo, chifukwa si lake yekha. Pitani pa siteji iliyonse, kaya ndi ku Ndirande, ku Chirimba, ku Bangwe kapena ku Chilobwe, mukafunse anyamata khumi funso lomwelo. Ambiri akuyankhani chimodzimodzi, ndipo akuyankhani ndi mtima wonse, ngati chiphunzitso cha mpingo. Pabwalo la mpira paja amaphunzitsana kuliza injini, kusiya kilachi pang'onopang'ono, kulowetsa magiya ndi kuzungulira magolo osagwa. Akafika pamenepo amati wakhoza, mawa lake ali pamsewu ndi mayi wa mwini kumbuyo. Chimene sanaphunzire ndicho chimene chimasiyanitsa wofika kunyumba ndi wogona kuchipatala cha Gulupu: kuimitsa njinga msanga pamene china chake chatulukira mwadzidzidzi.

Ganizo langa ndi ili, ndipo ena likuwawawani. Munthu amene sanaphunzire kuima sanaphunzire kuyendetsa, ndipo sayenera kunyamula munthu, ngakhale wa ulendo wa pafupi chotani.

Ndiyambe ndi buleki imene mukuiopayo. Njinga ikamathamanga inu n'kugwira buleki, kulemera konse, kwa njinga, kwanu ndi kwa amene mwamunyamula, kumakankhikira kutsogolo. Tayala lakutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira msewu mwamphamvu, pamene lakumbuyo limapepukidwa. N'chifukwa chake mukaponda yakumbuyo yokha mwamphamvu mumamva tayala likulira kwiii, njinga n'kumapitabe, matako ake akugwedera uku ndi uku. Pa msewu wa tala wouma, pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a mphamvu yoimitsira njinga ali pa buleki yakutsogolo. Amene anakuuzani kuti musamaigwire anakulandani gawo lalikulu la mabuleki anu, n'kukusiyirani nyenyeswa.

Koma anzanuwo sananame kotheratu. Imagwetsadi, mukaikhwefula kamodzi n'kamodzi ndi mantha, kapena mukaigwira mahandulo atapindika, kapena tayala lili pamchenga. Vuto lili pa kagwiridwe. Tsekani moto, njinga ikhale yowongoka, ponyani maso kutsogolo kumene mukufuna kukaima, kenako finyani yakutsogolo ngati mukufinya ndimu: kuyamba mofewa, n'kumawonjezera mphamvu pamene kulemera kukusamukira kutsogolo. Phazi lakumanja likhale likuponda yakumbuyo nthawi yomweyo, koma mosapitirira. Kilachi mugwire kumapeto kuti injini isazime. Pa msewu wafumbi, monga timisewu ta m'makwalala mwathumu, yakutsogoloyo mufinye mofewa kwambiri n'kudalira yakumbuyo. Ndipo liwiro lichepetsedwe musanalowe m'kona. Kugwira buleki muli kale m'kati mwa kona, njinga itapendekeka, ndiko kumagwetsa anthu n'kukanamizira buleki.

Izi sizilowa m'manja chifukwa mwawerenga pano. Dzanja limachita zimene linazolowera, ndipo tsiku limene mwana wasukulu adzadumphire mumsewu kuchokera kuseri kwa minibasi, mutu sudzapeza mpata woganiza. Pamafunika kubwereza kambirimbiri pamalo opanda magalimoto mpaka zala zizichita zokha.

Tiwerengeko pang'ono, masamu ake ndi a sitandade 5. Njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Munthu watcheru amatenga sekondi imodzi, mwinanso kuposerapo, kuchokera pamene diso laona ngozi kufika pamene dzanja lagwira buleki. Inu okonda mpira, amene mumakadzaza pa Kamuzu Stadium Bullets ikamakumana ndi Wanderers, mukudziwa bokosi la 18 lija. Kuchokera pa mzere wa golo kufika pothera bokosilo ndi mamita 16.5. Ndiye kuti pa 60 mumadutsa bokosi lonselo musanakhudze n'komwe buleki. Mukaigwira bwino, mabuleki onse awiri, pa tala wouma, mufunikanso mamita ena pafupifupi 20. Mukadalira yakumbuyo yokha, mtunda umenewo ukhoza kuwirikiza kawiri. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Wa pa 30 amaima pamene wa pa 60 akadali paulendo wopita pa bampala ya galimoto. Pakati pa msika wa Ndirande, pamene anthu, mawilibala ndi agalu onse ali mumsewu umodzi, mamita 37 amenewo muwapeza kuti?

Tsono Blantyre si Lilongwe. Mzinda uno unakhala pakati pa mapiri, Ndirande uku, Soche uku, Michiru uko, Bangwe ndi Mpingwe cha ku Limbe, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse uli ndi chitunda ndi chitsetso. Pa chitsetso ndi pamene ndimaona khalidwe limene limandiimitsa mtima. Mnyamata akangofika pamwamba amazimitsa injini, kapena kuika pa nyutulo, n'kumatsika mwakachetechete ngati mzukwa, ati kupulumutsa mafuta. Ndikumvetsa. Tonse tinagonapo pa mizere ya mafuta m'zaka zapitazi, ndipo dontho lililonse ndi ndalama. Koma injini ikakhala mu giya yotsika imathandiza kuigwira njinga kuti isathawe. Mukaichotsa, ntchito yonse imatsalira mabuleki, ndipo mabuleki a njinga zathuzi akatentha amafooka, mumaponda koma osamva kanthu. Injini yozima siingakuthawitseninso galimoto ikakulowererani. Amene anatsikapo msewu wa ku Chikwawa, pa makona aja otsikira ku chigwa cha Shire, akudziwa fungo la mabuleki opsa. Mafuta amene mwapulumutsa pa chitsetso chimodzi sakwana n'kapu yomwe.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani yonyamula munthu. Njinga zambiri za kabaza, za 125cc kapena 150cc, zimalemera makilogalamu 100 ndi kenakake. Onjezani inuyo. Umu ndi mmene munaiphunzirira pabwalo paja, ili yopepuka, yomvera. Tsopano kwezani mayi wamkulu bwino ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Imeneyo ndi njinga ina, yosiyana ndi imene mukuidziwa. Imachedwa kuima, kutsogolo kumapepuka pokwera chitunda, ndipo wokwerayo akachita mantha pa kona n'kudziwongola pamene inu mwapendekeka, njinga imakana kukhota. Za onyamula anthu atatu, mwana wakhanda ali pa thanki, sindinenapo zambiri. Ameneyo ngakhale katswiri sangaime naye.

Ndikudziwa chimene munene, chifukwa mwana wa mchemwali wangayo ananena kale. "Malume, inu mukulankhula mutakhuta. Bwana akufuna yake madzulo. Ndikamazungulira ndekha osanyamula munthu, ndidya chiyani?" Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Anyamata ambiri ali pa kabaza chifukwa kulibe kwina kolowera. Ena ali ndi MSCE yawo m'chikwama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chinakwera, matayala, oyilo, tcheni, ndipo tageti ya bwana siitsika chifukwa choti kwagwa mvula. Njala ndi imene imapotokola dzanja pa moto.

Komabe yankho langa silisintha, kungoti ndikulilozetsa kwa eni njinga. Inu bambo amene mwatulutsa ndalama zambirimbiri kugula njinga, n'kuipereka kwa mnyamata wa masiku atatu, n'kumuuza kuti ndalama iyambe kubwera mawa, mukutchova juga ndi chuma chanu chomwe. Mupatseni masabata awiri oti aziyenda yekha, kenako azinyamula katundu wopanda moyo, matumba a makala kapena makireti, asanayambe anthu. Zimene mutaye pa masabata awiriwo n'zochepa poyerekeza ndi njinga yopindika foloko, yogona kupolisi, ndi banja la wovulala likugogoda pakhomo panu. Paja fulumira adadya gaga.

Ifenso okwera tisadziyeretse. Ndi kangati tanenapo kuti, "Achimwene, pondaniko moto, ndachedwa ku ntchito"? Tinachedwa tokha kudzuka, koma tikufuna mnyamata wa eni alipire ndi mwendo wake. Inu oyendetsa atsopano, phunzirani kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani mayi, tifika, koma ndiyenda chonchi." Akakwiya atsike. Ndalama ya ulendo umodzi siigula chikhakha.

Kuima bwino kumayamba ndi kuona msanga, ndipo pamsewu wa mu Blantyre pali zilombo ziwiri zoti muzidziwe makhalidwe ake. Choyamba ndi minibasi. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, nthawi zina indiketa imabwera pambuyo, nthawi zina siibwera n'komwe. Dalaivala maso ake ali pa anthu a m'mbali mwa msewu, kondakitala mutu uli panja, palibe amene akuganiza za inu. Mu Masauko Chipembere Highway, kuchokera ku Ginnery Corner kudutsa pa Chichiri mpaka ku Limbe, muone mmene anyamata amalowera kumanzere kwa minibasi, pakati pa iyo ndi ngalande. Kumeneko n'kumene imakhotera ikaona pasenjala, n'kumenenso chitseko chimatsegukira anthu n'kutsika. Kuno timayenda kumanzere, kupitirira galimoto ndi kumanja. Ndipo minibasi ikaima, dziwani kuti kutsogolo kwake kutuluka munthu amene sakukuonani. Chepetsani moto, zala ziwiri zikhale kale pa buleki.

Chachiwiri ndi thiraki. Zimene zimadutsa pa Kameza kulowera ku Lunzu, Zalewa mpaka ku Mwanza zija, zazitali ngati sitima. Thiraki ikamakhotera kumanzere imayamba yataya mutu kumanja, n'kusiya mpata wooneka ngati wakuitanani. Musalowemo. Mutu ukakhota, ngolo yake imadula kona, ndipo matayala akumbuyo amadutsa ndendende pamene mwaimapo. Dalaivala ali m'mwamba muja samva n'kugunda komwe. Lamulo lake n'losavuta: ngati simukuona nkhope yake pa galasi lake, nayenso sakukuonani.

Kunena za magalasi, sindimvetsa fasho yowachotsa. Njinga imabwera ndi magalasi awiri, sabata isanathe onse achotsedwa, ati imaoneka yachikulire. Ndiye mumadziwa bwanji chimene chikubwera kumbuyo? Kucheuka? Pa sekondi imene mwacheukayo mwadutsa bokosi la 18 lija maso ali kwina. Nyali nayo iziyaka ngakhale masana. Siitha mafuta oti mungawaone, koma imachititsa woyendetsa galimoto amene akutuluka pa mphambano kuti akuoneni. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta Limbe, Bangwe ndi Chigumula, munthu wovala jekete lakuda pa njinga yozima nyali amakhala ngati kulibe. Kajekete konyezimira kaja si ka apolisi okha. Mvula yoyamba ya mu November nayo muziiopa kuposa ya mu January, chifukwa imasakaniza fumbi ndi oyilo yense amene wakhala akudontha chilimwe chonse, tala n'kusanduka therere. Madzi akadzaza mumsewu musawakhulupirire, pansi pake pakhoza kukhala dzenje lomeza tayala lonse.

Chipewa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa mpata wa imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100, ndi wa kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti chovalidwa bwino. Chipewa chimene chili pa mahandulo kudikira kuti apolisi aoneke chimateteza mahandulo. Chosamanga lamba chimavuka munthu asanafike pansi, mumachiona chikugubuduka chokha kutsidya kwa msewu. Chipewa cha pulasitiki cha amisiri omanga nyumba chija chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera m'mwamba, mutu womenya tala sichiudziwa. Ndipo chimene chinamenyapo pansi mwamphamvu chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka bwino, chifukwa chofewa cha m'kati chija chimaphwanyika kamodzi kokha. Wokwera nayenso ali ndi mutu. Amayi ena amakana, ati chimanunkha thukuta, ati chiwononga tsitsi la dzulo lomwe. Za thukutazo akunena zoona, ndiye inu oyendetsa muzichichapa m'kati ndi kuchiyanika. Za tsitsizo, duku pansi, chipewa pamwamba, nkhani yatha. Muwauzenso akulunge chitenje chisalendewere pa sipoko, ndipo mwendo autalikitse ku ekizozi. Inuyo patapata musiye kunyumba. Phazi ndilo limayamba kufika pansi, ndilonso limaponda buleki.

M'mawa musananyamuke, mphindi zitatu zokha: dinani matayala ngati muli mpweya wokwanira, yesani mabuleki onse awiri, onani tcheni ngati sichalendewera kapena kuuma, yatsani nyali ndi maindiketa. Tayala losalala ngati mutu wadazi lisintheni mvula isanayambe. Za mowa ndi chamba ndingonena kamodzi. Timabotolo tija mumati n'tochotsa kuzizira timatalikitsa sekondi ija yoona ndi kugwira buleki, ndipo mwaona kale kuti sekondi imodzi ndi mamita angati.

Laisensi ndi nkhani imene imakwiyitsa akabaza ambiri, ndipo pena amakhala ndi mfundo. Kupita ku sukulu yoyendetsa, kukalemba mayeso ku Road Traffic, kulembetsa njinga kuti ikhale ndi nambala, kudula inshuwalansi, zonsezi pamodzi ndi phiri kwa munthu amene amapeza ya ndiwo ya tsiku limenelo. Boma likadafuna anyamatawa alowe m'dongosolo likadawapeputsira njira, maphunziro n'kumachitikira m'madera mwawo momwemo pa mtengo woti angafikire. Ndimakhulupirira zimenezo. Koma taonani chimene kusowa mapepala kumachita pamsewu. Wopanda laisensi amayenda maso ali pa yunifolomu. Akaona apolisi patsogolo amatembenuka mwadzidzidzi pakati pa msewu, kapena kulowa kanjira kamene sakukadziwa pa liwiro loti sangaime, pasenjala akukuwa kumbuyo. Luso limene anyamata athu alikulitsa kwambiri ndi lozemba, ndipo lawononga miyendo yambiri. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ya A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo. Sungani pang'onopang'ono, kaya kudzera ku banki m'khonde kaya chipereganyu cha pa siteji, mukaitenge. Mukaphunzirakonso zinthu zimene pabwalo la mpira kulibe, monga woyenera kuyamba ndani pa raundabauti ya Clock Tower. Yankho ndi amene akuchokera kumanja kwanu, osati amene ali ndi mtima wolimba.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi mawu amene timatonthozana nawo pamaliro. Linali tsiku lake. Tsoka silinunkha. Pena mpaka kuloza chala agogo ena osalakwa kuti ndiwo amulodza chifukwa wagula njinga. Ine ndimapemphera, ndipo vesi lomata pa thanki sindilitsutsa. Koma tsoka la pa njinga nthawi zambiri limanunkha ndithu. Limanunkha mabuleki opsa, tayala lotha, kachasu wa m'mawa. Tikamati zonse n'zolembedwa, palibe chimene tiphunzirepo, ndipo mnyamata wotsatira adzalowa kumanzere kwa thiraki yomweyo pa kona yomweyo. Aliyense amene anakazondapo wodwala ku wodi ya othyoka mafupa ku Queens anaona mmene akabaza ndi okwera awo achulukiramo. Fupa la ntchafu limatenga miyezi kuti ligwirane. Miyezi imeneyo lendi ikuwerengedwa, ana akufuna phala, ndipo njinga ija bwana anapatsa kale wina.

Mukapeza mnzanu wagwa, musamunyamule ngati thumba, wina miyendo wina manja. Khosi kapena msana zikhoza kukhala zitathyoka, ndipo kumugwedeza kungamupuwalitse moyo wake wonse. Chipewa musachizule pokhapokha ngati akulephera kupuma. Imitsani magalimoto, tsindikani pamene pakutuluka magazi ndi nsalu yoyera, musamumwetse madzi, ndipo pomunyamula mutu, khosi ndi thupi ziyendere limodzi. Kuthamangitsa dalaivala ndi miyala, monga mwa chizolowezi cha masiteji ena, sikuletsa magazi a mnzanuyo.

Lamulungu lotsatira ndinamutenga mwana wa mchemwali wanga uja m'mamawa kupita ku Makata, kumafakitale, kumene tsiku limenelo msewu umakhala wopanda kanthu. Ndinaika botolo la madzi pambali pa msewu ndi kumuuza kuti abwere pa 40, akafika pa botolo aime msanga mmene angathere. Ulendo woyamba anaponda yakumbuyo yokha monga mwa chiphunzitso chake. Tayala linalira, linasiya mzere wakuda, njinga inapotoka, ndipo ndinawerenga mapazi 21 kuchokera pa botolo kufika pamene anaima. Ndinaikapo mwala. Ndinamuuza za ndimu ija. Ulendo wachiwiri anaigwira mwamantha, ngati akukhudza mbaula. Wachisanu anaikhwefula, kutsogolo kunagwada, anatsitsa phazi, n'kundiyang'ana ndi diso loti mwaona malume, ndimanena ine. Tinapitiriza. Dzuwa litayamba kuwawa anali akuima pa mapazi 12, njinga ili chilili, osalira tayala. Anatsika, anayenda kuchoka pamene anaima kukafika pa mwala uja, akuwerenga yekha chamumtima. Atafika anaima kanthawi akuyang'ana pansi.

"Apa ndiye kuti mwana uja ndamugunda kale," anatero.

Ndinamupempha kuti apirire sabata ina asanayambe kunyamula anthu. Anati akawauza abwana. Lolemba m'mawa ndikupita ku ntchito ndinamuona pa siteji akukweza mayi wina ndi dengu la tomato. Lamba wa chipewa anali atamanga, zala ziwiri zili pa buleki yakutsogolo. Magalasi anali asanabwezeretse.